Phunziro: Kubweza Malo mu Nkhokwe ya pa Intaneti Pokhuthula Mafayilo Ofufutidwa

Phunziro la lero lachokera pa dandaulo limene ndimalimva kawirikawiri. Munthu amaona uthenga pa foni wakuti malo ake osungira zinthu pa intaneti adzaza. Amathera madzulo onse akufufuta mafayilo ndi makalata akale, koma akayang'ananso amapeza kuti malo ali momwemo, sanawonjezeke ngakhale pang'ono. Ena amaganiza kuti foni yawonongeka, ndipo ena amafulumira kulipira ndalama kuti awonjezeredwe malo. Chonsecho gwero la vutoli nthawi zambiri limakhala limodzi: zimene anafufutazo sizinatuluke, zangosunthidwira pakona. Sindikuyembekezera kuti mukudziwapo kale kanthu pa nkhaniyi, choncho tiyamba ndi kumasulira mawu, kenako tiona chifukwa chake zinthu zimatero, ndipo tikatero tigwira ntchito yeniyeniyo mwandondomeko.

Gawo 1: Mawu oyenera kuwadziwa

Mawu oyamba ndi fayilo. Fayilo ndi chinthu chimodzi chosungidwa mu foni kapena mu kompyuta, chokhala ndi dzina lake komanso kukula kwake. Chithunzi cha ukwati ndi fayilo, vidiyo ya kwaya ndi fayilo, ndipo kalata yofunsira ntchito imene munailemba pa kompyuta nayonso ndi fayilo. Mafayilo angapo akasonkhanitsidwa pansi pa dzina limodzi, timati ali mu foda.

Mawu achiwiri ndi cloud. M'Chingerezi mawuwa amatanthauza mtambo, koma musaganize kuti zinthu zanu zili mumlengalenga. Zili m'makompyuta akuluakulu otchedwa maseva, amene amakhala m'nyumba zapadera za makampani monga Google, Microsoft, Apple ndi Dropbox, m'mayiko osiyanasiyana. Foni yanu imatumiza mafayilo kumeneko kudzera pa intaneti, ndipo imawaitanitsanso mukawafuna. Ubwino wake ndi wakuti foni ikabedwa kapena ikagwera m'madzi, zimene munasunga kumeneko zimapulumuka. M'phunziro lino cloud tiziitcha nkhokwe ya pa intaneti, chifukwa nayonso imaima kunja kwa nyumba ndipo imasunga zimene simukufuna kuti ziwonongeke.

Mawu achitatu ndi akaunti. Akaunti ndi dzina lanu pamodzi ndi mawu achinsinsi amene amakutsegulirani mbali yanu ya nkhokweyo. Ngati muli ndi foni ya Android ndipo munalembetsa adiresi ya Gmail kuti muzitenga mapulogalamu pa Play Store, ndiye kuti akaunti ya Google muli nayo kale, ndipo nkhokwe muli nayonso ngakhale simunasuzumiremo.

Chachinayi ndi muyeso. Monga chimanga timachiyeza m'ndowa ndi m'matumba, mafayilo timawayeza mu MB ndi mu GB. GB imodzi ili ndi ma MB pafupifupi 1,000. Chithunzi chimodzi chojambula ndi foni chimatenga ma MB ochepa, koma vidiyo ya mphindi zingapo imatha kutenga ma MB mazanamazana. Kalata ya mawu okhaokha ndi yaing'ono kwambiri, moti nthawi zambiri sifika ngakhale MB imodzi.

Pano ndiime pang'ono, chifukwa ophunzira ambiri amasokonezeka ndi muyeso umenewu. Pali zinthu zitatu zosiyana zimene zonse zimawerengedwa mu GB. Choyamba ndi bandulo imene mumagula kuti mulowe pa intaneti, ndipo imeneyi imatha mukaigwiritsa ntchito, monga mafuta a m'galimoto. Chachiwiri ndi malo a m'kati mwa foni yeniyeniyo kapena a pa memori khadi. Chachitatu ndi malo a mu nkhokwe ya pa intaneti, amene ali kutali ndi foni yanu. Kugula bandulo sikuwonjezera malo mu nkhokwe, ndipo kugula memori khadi sikuthandizanso. Phunziro lino likunena za chachitatuchi chokha.

Mawu omaliza ndi bini. Bini ndi malo amene fayilo imapita mukaifufuta, kapena kuti mukaidilita monga anthu ambiri amanenera. Pa foni kapena pa kompyuta yanu malowa angalembedwe kuti Trash, Bin, Recycle bin kapena Recently Deleted, malinga ndi kampani komanso mtundu wa Chingerezi umene chipangizo chanu chikugwiritsa ntchito. Mayina onsewa akunena chinthu chimodzi.

Gawo 2: Kukula kwa nkhokwe ndi zimene zimaidzaza

Kampani iliyonse imapereka malo ena ake mwaulere. Google imapereka 15 GB pa akaunti imodzi, OneDrive ya Microsoft imapereka 5 GB, iCloud ya Apple imaperekanso 5 GB, ndipo Dropbox imapereka 2 GB. Tigwiritsa ntchito Google monga chitsanzo chathu chachikulu, chifukwa mafoni ambiri amene ali m'manja mwa anthu kuno kwathu ndi a Android.

Mfundo yofunika kuigwira ndi yakuti 15 GB ya Google ndi nkhokwe imodzi yodyera atatu. Gmail imasungamo makalata, Google Drive imasungamo zikalata ndi mafayilo ena, ndipo Google Photos imasungamo zithunzi ndi mavidiyo. Pamene Gmail inkayamba mu 2004 inkapereka 1 GB ya makalata okha, ndipo mu 2013 Google inaphatikiza malo a makalata, mafayilo ndi zithunzi kukhala 15 GB. Choncho mavidiyo akachuluka, makalata ndi amene amasowa pokhala.

Anthu ambiri amadabwa kuti nkhokwe imene inkawakwanira kwa zaka zambiri yadzaza bwanji mwadzidzidzi. Pali kusintha kuwiri kumene kumafotokoza zimenezi. Kuyambira pa 1 June 2021, zithunzi ndi mavidiyo atsopano onse osungidwa mu Google Photos anayamba kuwerengedwa pa 15 GB ija, pomwe kale munthu ankatha kusunga zithunzi zochepetsedwa pang'ono popanda malire. Kenako, kumayambiriro kwa 2024, backup ya WhatsApp ya mafoni a Android inayambanso kuwerengedwa pamalo omwewo. Backup ndi kope la mauthenga ndi zithunzi zanu limene limasungidwa padera kuti mudzalipeze mukasintha foni. Amene ali m'magulu ambiri a WhatsApp, a kumpingo, a kuntchito ndi a pachibale, akudziwa kuchuluka kwa mavidiyo amene amalowa tsiku lililonse.

Nkhokwe ikadzaza, mavuto ake si aang'ono. Simungaike fayilo yatsopano mu Drive, zithunzi zimasiya kusungidwa, ndipo choopsa kwambiri n'chakuti Gmail imasiya kutumiza ndi kulandira makalata. Kalata imene wina wakutumizirani imabwerera kwa mwini wake. Taganizirani wachinyamata amene akudikira kuitanidwa kukayesedwa pa ntchito, kapena amene akudikira yankho la kusukulu ya ukachenjede: kalata yake ikhoza kubwezedwa iye osadziwa n'komwe. N'chifukwa chake nkhaniyi sindiitenga ngati yachibwana. Kuwonjezera apo, malamulo a Google amanena kuti akaunti ikakhala yopyola malire kwa zaka 2, kampaniyo ikhoza kufufuta zimene zili m'menemo.

Gawo 3: Chifukwa chake kufufuta kokha sikubweza malo

Tiyerekeze kuti nkhokwe yanu ya chimanga yadzaza. Mwalowamo, mwasankha chimanga chofumbwa, mwachithira m'thumba, mwamanga pakamwa pake, koma thumbalo mwalitsamiritsa m'nkhokwe momwemo. Kodi malo apezeka? Ayi. Chabwino mwachisiyanitsa ndi choipa, koma thumbalo likadali m'kati ndipo likudya malo monga kale. Malo adzapezeka tsiku limene mudzatulutse thumbalo n'kukalikhuthula kudzala.

Umu ndi mmene bini ya Google Drive ndi ya Gmail imagwirira ntchito. Mukafufuta fayilo, imachoka pamaso panu n'kupita mu bini, koma biniyo ili m'kati mwa 15 GB yanu. Fayilo ya 500 MB ikakhala mu bini imatengabe 500 MB. Motero kufufuta ndi ntchito ya mbali ziwiri: yoyamba ndi kuika mu bini, yachiwiri ndi kukhuthula biniyo. Amene wachita yoyamba yokha wagwira theka la ntchito.

Musaone ngati makampaniwa anachita zimenezi pofuna kukuvutitsani. Dzanja limalakwa, mwana amaseweretsa foni, ndipo munthu amatha kufufuta lero chinthu chimene mawa adzachifuna. Bini imakupatsani mpata wobweza chimene mwalakwitsa. Ine ndimaona kuti dongosolo limeneli ndi lanzeru, ndipo sindingakonde nkhokwe yopanda bini. Cholakwika chili pa kusadziwa kuti biniyo ilipo.

Bini simasunga zinthu mpaka kalekale. Mu Gmail, kalata imakhala mu bini masiku 30, kenako imachotsedwa yokha. Mu Google Drive nthawi yake ndi masiku 30 omwewo, ndipo lamuloli linayamba mu October 2020. Izi zisanachitike, mafayilo ankakhala mu bini mpaka mwini wake atawachotsa. Mu OneDrive ya munthu payekha ndi masiku 30, pomwe mu akaunti ya kuntchito kapena ya kusukulu nthawi zambiri ndi masiku 93. Choncho wodekha akhoza kungodikira mwezi umodzi, malo n'kubwerera okha. Koma ngati makalata asiya kale kulowa, mwezi ndi nthawi yaitali kwambiri, ndipo muyenera kukhuthula nokha. Dziwaninso kuti si makampani onse amene amawerengera bini pa malo anu. Mu Dropbox, mafayilo ofufutidwa satenga malo anu, ngakhale mungathe kuwabweza mkati mwa masiku 30.

Gawo 4: Ntchito yeniyeniyo

Mawu olembedwa pa mabatani amasinthidwa nthawi ndi nthawi, choncho mukaona kusiyana pang'ono ndi zimene ndalemba pano musataye mtima. Tsatirani tanthauzo lake.

Sitepe 1. Yambani ndi kuyeza. Tsegulani tsamba la one.google.com/storage mutalowa mu akaunti yanu. Tsambali limaonetsa malo onse amene mwagwiritsa ntchito, komanso kuchuluka kwa malo amene Drive, Gmail ndi Photos zatenga chilichonse pachokha. Lembani manambalawo papepala. Mukapanda kuyeza, mukhoza kulimbana ndi makalata 2,000 aang'onoang'ono pomwe malo anu adyedwa ndi mavidiyo 10.

Sitepe 2. Suzumirani mu bini musanaikhuthule. Pa masitepe onse, iyi ndi imene ndikupemphani kuti musaidumphe. Fayilo ikachotsedwa mu bini, muziiona kuti yapita ndithu, ndipo musadalire kuti wina adzakubwezerani. Tsegulani pulogalamu ya Drive, dinani timizere titatu tili pamwamba kumanzere, kenako sankhani Trash kapena Bin. Werengani mayina a mafayilo limodzilimodzi, ndipo amene dzina lake silikukuuzani kanthu musawaganizire chabe. Satifiketi ya sukulu imene munaijambula ikhoza kukhala ndi dzina la manambala okhaokha. Mukapeza chofunika, dinani timadontho titatu tili pambali pake ndipo sankhani Restore, kutanthauza kuti bwezeretsa. Fayiloyo ibwerera pamene inali.

Pa sitepe yomweyi pali chenjezo lokhudza mafayilo ogawana. Fayilo iliyonse mu Drive ili ndi mwini wake, amene nthawi zambiri ndi munthu amene anaipanga kapena kuiika. Ngati ndinu mwini wa fayilo imene anzanu amaigwiritsanso ntchito, monga kaundula wa gulu la banki mkhonde kapena ndandanda wa malikisi a ophunzira umene aphunzitsi angapo amalembamo, kuichotseratu kumaichotsa kwa onse. Afunseni kaye anzanuwo, ndipo ngati akuifunabe, apange kope lawo kapena muwapatse umwini wa fayiloyo.

Sitepe 3. Khuthulani bini ya Drive. Mukadali m'malo omwewo, pezani mawu akuti Empty trash kapena Empty bin, amene amakhala chakumtunda. Pulogalamuyo ikufunsani ngati mwatsimikizadi, ndipo mukavomera, zonse zichoka. Ngati mukufuna kuchotsa fayilo imodzi yokha n'kusiya zina, dinani timadontho titatu pambali pake ndipo sankhani Delete forever.

Sitepe 4. Pitani ku Gmail, kumene kuli malo awiri oyenera kukhuthula. Oyamba ndi bini, imene mumaipeza podina timizere titatu n'kutsika mpaka pa Trash kapena Bin, ndipo pamwamba pake pamakhala mawu akuti Empty trash now. Achiwiri ndi Spam, kumene Gmail imaponya makalata amene yawaganizira kuti ndi achinyengo kapena a malonda osapemphedwa. Makalata a mu Spam nawonso amatenga malo mpaka atakwanitsa masiku 30. Aoneni kaye musanawachotse, chifukwa kalata yabwino nthawi zina imasocherera kumeneko. Zindikiraninso kuti batani la Archive silifufuta kanthu. Limangochotsa kalata pamaso panu n'kuisunga kwina mu akaunti yomweyo, choncho silibweza malo.

Sitepe 5. Google Photos ikufunika kusamala kwapadera, chifukwa ili ndi mabatani awiri amene anthu amawasokoneza. Batani lakuti Free up space limachotsa mu foni zithunzi zimene zasungidwa kale mu nkhokwe. Limapereka malo mu foni, koma mu nkhokwe silichotsamo kalikonse. Batani lofufutira, lokhala ndi chizindikiro cha bini, limachotsa chithunzi mu nkhokwe komanso mu foni nthawi imodzi. Munthu akamaganiza kuti akuchotsa kope la pa intaneti lokha, amatha kudzazindikira mochedwa kuti zithunzi za maliro a kholo lake kapena za ubatizo wa mwana zachoka konsekonse. Choncho musanafufute chithunzi chofunika, chikopereni kaye pa kompyuta, pa memori khadi kapena pa fulashi. Bini ya Photos imapezeka pansi pa Collections, kapena Library m'mapulogalamu akale, ndipo pamwamba pake pamalembedwa masiku amene zinthu zikhalemo zisanachotsedwe. Ioneni monga munachitira ndi ya Drive, bwezeretsani zofunika, kenako ikhuthuleni.

Sitepe 6. Bwererani pa tsamba loyezera lija n'kuyerekeza manambala atsopano ndi amene munalemba papepala. Mukapeza kuti sanasinthe, musayambe kufufuta zinthu zina mwamantha. Mafayilo akachotsedwa ambiri nthawi imodzi, maseva amatenga nthawi kuti awerengenso, ndipo nthawi zina pamapita masiku awiri kapena atatu. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Dikirani, kenako yezaninso.

Gawo 5: Ngati malo akadali osakwanira

Nthawi zina bini imakhala ndi zochepa, ndipo kuikhuthula kumangobweza ma MB owerengeka. Zikatero, funani mafayilo akuluakulu m'malo molimbana ndi aang'ono. Mu Drive ya pa kompyuta, dinani Storage kumanzere, ndipo mafayilo anu aoneka mondandalikidwa kuyambira yaikulu kwambiri. Mu Gmail, lembani larger:10M m'kabokosi kofufuzira, ndipo muona makalata okhawo opitirira 10 MB, amene kawirikawiri amakhala onyamula zithunzi kapena zikalata zikuluzikulu. Mukalemba older_than:2y muona makalata opitirira zaka 2. Mukafufuta zimene mwasankha, kumbukirani thumba lija: zonse zangolowa mu bini, ndipo muyenera kubwereza Sitepe 3 ndi Sitepe 4.

Musataye nthawi pa mafayilo a pansi pa mawu akuti Shared with me. Amenewa ndi a anthu ena amene anangokulolani kuwaona, ndipo amatenga malo mu nkhokwe ya eni ake, osati yanu. Kuwachotsa sikukuwonjezerani ngakhale MB imodzi.

Backup ya WhatsApp simakhala mu bini, choncho kukhuthula bini sikuikhudza. Kuti muichepetse, tsegulani WhatsApp, pitani pa Settings, kenako Chats, kenako Chat backup, ndipo thimitsani Include videos. Mukatero mavidiyo sadzalowanso mu backup, zomwe zikutanthauzanso kuti foni ikatayika simudzawapeza kumeneko. Sankhani mukudziwa zimenezi, ndipo mavidiyo amene ndi amtengo wapatali kwa inu asungeni padera.

Pa nkhani ya bandulo, kufufuta ndi kukhuthula bini kumadya data yochepa kwambiri, chifukwa foni imangotumiza lamulo ku maseva. Chimene chimadya bandulo ndi kukopera mafayilo kuchokera mu nkhokwe kubwera pa chipangizo chanu, popeza 2 GB ya mavidiyo imafunanso pafupifupi 2 GB ya data. Ngati muli ndi zambiri zoti mupulumutse musanafufute, chitani zimenezi pamalo pamene pali Wi-Fi. Google ili ndi ntchito yotchedwa Google Takeout imene imakusonkhanitsirani zinthu zanu kuti muzikopere pamodzi. Kugula malo owonjezera, monga 100 GB ya Google One, ndi njira yabwino kwa amene ntchito yake imafunadi malo ambiri, koma ndi ndalama yolipira mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka. Langizo langa ndi lakuti musalipire musanayese masitepe ali pamwambawa.

Ntchito yochita panokha

Tengani pepala ndipo jambulani mizere itatu: wa Drive, wa Gmail ndi wa Photos. Pa mzere uliwonse lembani malo amene atengedwa lero. Tsatirani Sitepe 2 mpaka Sitepe 5, ndipo lembaninso mayina a mafayilo amene mwawabwezeretsa kuchokera mu bini. Pakapita masiku atatu yezaninso n'kulemba manambala atsopano pambali pa akale. Ngati kusiyana kwake sikufika 500 MB, lembani larger:10M mu Gmail, tsegulaninso Storage mu Drive, ndipo lembani mayina a mafayilo asanu aakulu kwambiri amene mwapeza, limodzi ndi kukula kwake komanso chigamulo chanu pa iliyonse: kusunga, kukopera kwina, kapena kufufuta.